Kufunira Kiyibodi Malo

Lolemba

Mutu ukugunda. Bipi yakwera, ndikuimva m'khosi muno.

Nkhani ndi ya dzulo. Titatuluka mapemphero athu a m'mawa, a nyimbo za m'buku, achinyamata analowa ndi zawo monga mwa masiku onse: kiyibodi, ng'oma, masipika awiri aatali ngati ine. Ife akulu a mpingo tinakhala m'kachipinda ka kumbuyo kukambirana za denga lodontha. Limbani atangokhudza kiyibodi yakeyo, mileme yonse ya kudenga inatuluka masanasana, ndipo chibuluma cha pulasitala chinagwa pafupi ndi phazi la mkulu mnzanga, a Chikopa. Pafupi zedi. Akanati atambasule mwendo, lero bwenzi tikunena zina.

A Chikopa anaimirira fumbi lili m'mutu: "Abusa, tisankhe chimodzi, tchalitchi kapena chisipika chawocho. Zonse ziwiri sizingakhale."

Basi nkhani yavuta. Maganizo amene alipo ndi oti mapemphero a achinyamata asamukire ku Namadzi. Kuseri kwa msika kuli holo yoonetsera mpira, mwini wake akuti Lamulungu imangokhala mpaka mpira uyambe. Ku Namadzi! Zimene zili ku Namadzi ndikuzidziwa:

- minibasi zosadziwa buleki
- oitanira minibasi, pakamwa popanda chitseko
- bala, khomo lake loyang'anizana ndi holoyo
- aneneri ogulitsa mafuta m'timabotolo
- msewu wonse wa Zomba, woti munthu ukangoponda phazi wapita.

Ndipo wotsogolera nyimbo ku pulezi timu ndi Tiyamike, mwana wanga. Womunyamula kupita naye kumeneko ndi Limbani yemweyo, poti mkati mwa sabata ndi wa kabaza. Njinga yake yamoto ilibe galasi loonera kumbuyo ndi limodzi lomwe, akuti zakumbuyo ndi zakale.

Ndilembe zoona, buku ili saliwerenga munthu. Ndikuopa. Kuno ine ndine mkamwini, kwathu ndi kwa Likoswe. Mayi ake a Tiya anatisiya, ana anga enawo, akulu ake a Tiya, onse ali m'tauni, foni amaimba pa Khirisimasi. Ndatsala ndi iyeyu basi. Mwana akayamba kupemphera ku Namadzi, mawa apeza ntchito ku Namadzi, mkuja ku Limbe, ine n'kutsala ndi nkhuku m'mudzi wa eni. Akulu akewo anayambanso chonchi, ndi maulendo a kwaya.

Ndiye ndinakweza dzanja, ine amene sindikwezako dzanja pa msonkhano. Ndinati ndipatseni sabata ino, ndipeza malo konkuno kumudzi. Abusa anati chabwino, pofika Loweruka malo akhale atapezeka, apo ayi ndi Namadzi. A Chikopa anaseka: "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, akulu." Wanga si ng'ona, ndipo kusambira sadziwa.

Malo amene ndikuganiza:

- sukulu ya pulayimale
- chigafa cha a Mulipa
- nyumba yosatha ya Fanuelo.

Sizingakanike zonse. Ambuye, zisakanike zonse.

Lachiwiri

Kusukulu. Ndavala jekete kuti aphunzitsi aakulu aone kuti ndabwera ndi nkhani ya mpingo. Dzuwa lake la mwezi uno, jekete yanyowa ndisanafike pa mjigo.

Andilandira bwino, andipatsa mpando. Ndafotokoza. Aseka mpaka kupukuta misozi. Akuti Lamulungu sukuluyi imadzaza kuposa Lolemba. Andiyendetsa kalasi ndi kalasi:

- Sitandade 1: mpingo wa ng'oma, poyamba pamadziwika, pomaliza ayi
- Sitandade 2: mulibe munthu
- Sitandade 3: mpingo wina, umene chaka chatha unali umodzi ndi wa Sitandade 1. Anagawanika. Aliyense amapemphera mokweza kuti Mulungu amve iye, asamve winayo
- Sitandade 4 mpaka 7: mautumiki, uliwonse ndi mneneri wake
- Sitandade 8: yokhoma, muli mabuku.

"Sitandade 2 ilipo, akulu, ngati ana anuwo ali olimba mtima."

Ndasuzumiramo. Mawindo alibe magalasi mbali zonse ziwiri, ndipo aphunzitsi akuti oswa si ana a sukulu.

Potuluka ndakumana ndi mneneri wa Sitandade 5, wadzaona za mabenchi. Wachichepere, nsapato zosongoka, mafuta onunkhira mpaka ndayetsemula. Wandigwira dzanja ndi manja awiri: "Dadi, si inu bambo ake a mtsikana woimba uja? Mzimu wakhala ukundionetsa mwana ameneyu."

Mzimu wake uti? Ndamufunsa ngati ali pabanja. Akuti akudikira nthawi ya Ambuye. Dzanja langa ndalilanda ndekha, iye samafuna kulisiya.

Sukulu ndaifufuta. Bola Limbani, amayi ake ndimawadziwa, ndi nyumba yawo yomwe.

Kunyumba Tiya wandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndati kalasi ndi yaing'ono. Wati, "Ababa, musadzivutitse, ku Namadzi kulibe mikango." Akutero akuseka, akusenda chinangwa, mpeni uli pafupi ndi chala. Ndamuuza asendere kutali ndi chalacho.

Bipi sindinakayezetse. Ndikuopa kumva nambala.

Lachitatu

Chigafa cha a Mulipa. Chachikulu, cha malata, kale ankayanikamo fodya, pano mumangokhala madeya ndi udzu wa ng'ombe. A Mulipa ndi a mpingo wathu, avomera msanga. Angoti tiyese kaye phokoso lake, poti khola lili pafupi. Ng'ombe yawo ya mkaka, yamawangamawanga, inachokera ku Mikolongwe, amaitchula Dona. Imadya bwino kuposa ine, ndipo imasambitsidwa.

Masana Limbani wabwera ndi sipika imodzi, kiyibodi ndi kajenereta, zonse pa njinga, Tiya pakati pa zonsezo. Wamugwira Limbani m'chiuno. Ndikudziwa kuti pa njinga yamoto munthu amayenera kugwira penapake, komabe kumbuyo kuli chitsulo. Chitsulocho anachiikira chiyani?

Poyamba Tiya waimba yekha, popanda makina. Ndisaname, mwanayu amaimba. Mayi Mulipa asiya kuchapa, Dona wasiya kubzikula, ine ndayang'ana kumbali kuti asandione m'maso. Mumtima ndinati basi, malo tapeza.

Kenako Limbani: "Tiyeseko besi pang'ono, madala."

Pang'ono pakepo! Malata onse alira, fumbi la fodya wakale latigwera m'maso, Dona wadumpha ngati mbuzi, wathyola mtengo wa khola, uyo m'munda wa nandolo wa eni. Onse amuthamangira. Ine ndathamangira mbali ina, si mantha ayi, ndi nzeru, ziboda zake ndinaziona bwinobwino.

Sipika nayo yapsa, yatulutsa utsi wonunkha ngati tayala. Limbani akuti ku Namadzi kuli wokonza. Chilichonse ku Namadzi.

Madzulo kwabwera uthenga wochokera kwa Mayi Mulipa: Dona wakana mkaka. Akamakama akungowayang'ana. Akuti chigubu chikapita chopanda kanthu ku gulu la mkaka mawa, abwera kudzakama ine. Mayi amenewa sanena zocheza.

M'makutu mukulira nyenje mpaka pano. Tiya wandipatsa thonje kuti ndizitseka. Ndikatseka ndikumva mtima wanga ukugunda, ndikatsegula nyenje. Kaya chabwino n'chiti.

Lachinayi

Nyumba ya Fanuelo, uja ali ku Joni. Zipinda zambirimbiri, pabalaza poti mutha kuchitikira ukwati, koma denga palibe, zaka zikungopita. Amayi ake andipatsa foni, ndalankhula naye ndekha. Wavomera: "Palibe vuto, madala, apempheremo, mwina malata angabwere." Mwana waulemu.

Ndapita kukaona. Zimene ndapezamo:

- manyi a mbuzi, kufika m'kakolo
- mavu pa khomo lalikulu, khomo laling'ono mavunso
- khungu limene njoka yafundula, lalitali kuposa ndodo yanga. Mwini wake sindinamuone, ndiye kuti iye wandiona
- kabotolo kokwiriridwa pakona, kakungooneka kukamwa. Ndine mkulu wa mpingo, zimenezo sindikhulupirira. Sindinakakhudze.

Ndili momwemo kumwamba kwada mbali ya kuphiri. Mvula yoyamba, ya mphenzi. Nyumba yopanda denga yasanduka damu, polowera madzi palipo, potulukira palibe. Ndabisala pomwe amisiri anasiya lata limodzi, ine ndi mbuzi ziwiri, ndikunena Salimo mokweza, kwinaku ndikuganiza kuti njoka ija nayonso ikufuna pouma. Kutang'anima pafupi ndathawa. Nsapato imodzi yatsala m'matope, ikhale, kumeneko sindibwererako.

Mudzi wonse ukusangalala, mawa ndi mkuja aliyense ali kumunda kubzala. Wachisoni ndine ndekha. Malo anga onse atha.

A Chikopa andipeza panjira ndi nsapato imodzi. "Zikuyenda, akulu?" Ndati zikuyenda. Ayang'ana phazi langa, ati mwini holo wa ku Namadzi wasesa kale.

Tiya akuyeserera nyimbo yatsopano kukhitchini, ya Chingerezi, mawu ake sindikuwamva koma ikukoma. Ndamufunsa ngati ku Namadzi akufunako. Wati, "Ndikungofuna koimba, ababa. Kulikonse." Kulikonse kwakeko sikunandikomere.

Chimfine chayamba. Mwina si chimfine.

Lachisanu

Nzeru yabwera m'mawa ndikumwa tiyi. Pakhomo panga pano! Bwalo lilipo, lalikulu, losesedwa. Mpingo uli ndi tenti ndi mipando ya pulasitiki. Mileme palibe, ng'ombe palibe, mneneri palibe. Mwana aziimba ine ndikumuona pa windo, akamaliza n'kungolowa m'nyumba. Njinga ya Limbani osaikweranso. Ndinali kuti sabata yonseyi?

Vuto ndi magetsi. Jenereta sindikuifuna, petulo pafupi ndi nkhokwe ayi. Tsidya la msewu kuli golosale ya Che Yusufu, iwo magetsi ali nawo. Ndawadikira achoke ku mzikiti. Munthu ameneyu takhala naye zaka zambiri, pa maliro a mayi a Tiya sanachoke pakhomo pano mpaka kuika. Amva nkhani yonse akusisita ndevu.

"A neba, tengani moto. Zanga ndi ziwiri: furiji yanga isazime, ndipo nthawi ya swala muzitsitsako chilombo chanucho."

Tagwirana chanza. Andibwereka ndi chingwe chomwe, chachitali, cholumikizalumikiza, m'molumikizamo mokulunga ndi mapepala a shuga. Akuti sichinaphepo munthu. Sindinafunse za mbuzi.

Abusa ndawaimbira. Ati, "Mwaganiza bwino, akulu? Inu ndi phokoso?" Ndati thonje ndili nalo. Avomera kuti tiyese Lamulungu lino, mawa achinyamata akonze malo n'kuyeserera.

Tiya nditamuuza wati: "Pakhomo pano? Anzanga onse azidzaona makabudula anu pa chingwe?" Koma waseka, ndipo wandiwonjezera shuga mu tiyi, yemwe a chipatala anandiletsa. Ndamwa.

Chatsala chimodzi: alamu anga, Anagama, mkulu wawo wa malemu mkazi wanga. Malo ano ndi a kwawo, tenti siingaime iwo osadziwa. Ndanyamuka kukawauza. Ndafika pa nthochi zawo, ndawamva akukalipira mbuzi, ndabwerera. Munthu amene akulankhula choncho ndi mbuzi sungamuuze za masipika. Ndiwauza mawa akadya.

Zoopa za lero, kuti ndisaiwale:

- chingwe chidutsa pa msewu, ndipo njinga zamoto zimadutsa ngati mphepo
- mwana wa munthu angachigwire ndi manja onyowa
- mphepo ingazule tenti n'kukaiponya pa denga la alamu
- alamu.

Loweruka, m'mawa

Zonse zikuyenda. Ndikulemba kuti ndidzakumbukire kuti tsiku lina zinthu zinandiyenderako.

Achinyamata alawirira, akhoma tenti, ayala mipando m'mizere, athamangira kumunda kukabzala. Abweranso dzuwa likapendeka. Tiya ndi Limbani apita ku Namadzi kukatenga sipika ija kwa wokonza. Ulendo womaliza umenewu, ndapirira. Limbani ndamuuza kuti akabwera ndi mwana wanga ali ndi chilonda, ngakhale cha udzudzu, kiyibodi ndiiwaza ndi nkhwangwa.

Che Yusufu alumikiza chingwe asanapite ku Limbe kukaoda katundu. Chadutsa pa msewu ndithu. Njinga yoyamba yachiponda ine ndikuona, mtima unatsala pang'ono kutulukira pakamwa. Ndiye ndaganiza za madalaivala a malole pa msewu wa Zomba, lole ikawafera amatani? Amathyola nthambi n'kuika pa msewu. Ndathyola za mango, zamasamba ambiri, ndayala mzere umodzi kumtunda kwa nyumba, wina kumunsi.

Zikugwira ntchito modabwitsa. Ndalowa m'nyumba, ndikuonera pa kabowo ka katani. A njinga zamoto akuchepetsa liwiro, ena akuzimitsa ndi injini yomwe. A njinga zakapalasa akutsika n'kumakankha. Bambo wina wavula chipewa. Mtima wangoti myaa. Anthu amawanena a kabaza, koma ukawaikira chizindikiro amamva.

Alamu ndiwauza masana. Pano ndamwa mapiritsi a bipi, ndigoneko pang'ono oimba asanabwere, sabata yonseyi tulo sindinatione. Chitseko ndakhoma. Thonje m'makutu, nsalu yoyera ya pabedi ndifunde mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche.

Loweruka, madzulo

Ndilemba pang'onopang'ono, mmene zachitikira.

Chandidzutsa ndi mapiritsi, amathamangitsira munthu kuchimbudzi. Ndachotsa thonje khutu limodzi. Nyimbo. Osati za kiyibodi, za m'buku, zapansipansi, zija timaimba pa siwa. Pansi pa nyimbozo azimayi akulira. Pakhomo panga.

Ndinaganiza chinthu chimodzi chokha: njinga ija, msewu wa Zomba, Tiya. Pa chitseko sindikudziwa kuti ndafika bwanji, kiyi amangondipulumuka. Ndatsegula, nsalu ikadali kumutu, thonje lili khutu linalo, ndakuwa, "Mwana wanga ali kuti?"

Tenti inali yodzaza. Mudzi wonse, matope a kumunda ali kumiyendo. Atandiona, aliyense njira yake. Mipando kuthyoka, ana kulira. A Chikopa, amene amati bondo limawavuta, adumpha mpanda wa nkhadze osaukhudza. Alamu anga okha sanathawe, anangokhala pansi pomwepo kukamwa kuli yasa.

Ine ndikufunsabe za mwana. Aliyense amene ndamuyandikira akubwerera m'mbuyo.

Ndi pamene njinga inatulukira kumunsi. Tiya anaona masamba ali patali, anaona tenti, anaona anthu. Wadumpha njinga isanaime, wagwa, wadzuka, akuthamanga akukuwa, "Ababa! Ababa ine!" Mawu oterowo sindinawamvepo kwa mwanayu ndipo sindikufuna kudzawamvanso. Wandiona pakhonde, waima. Kenako wandigwira malaya, akundimenya pachifuwa, akulira, ine ndikulira, bondo lake likutuluka magazi. Tinakhala choncho nthawi yaitali, anthu akutuluka mmodzimmodzi m'nandolo.

Masamba pa msewu, tenti ya mpingo, mipando m'mizere. Mwana wa Sitandade 1 yemwe akudziwa kuti zimenezi ndi maliro. Ine mkulu wa mpingo, amene ndayendetsa miyambo ya maliro osawerengeka m'mudzi muno, amene masamba oterewa ndawathyolerapo anthu ndi manja angawa, ndinkaganiza za malole.

Zina ndamva kwa akazi a Che Yusufu. Akuti iwo anayesetsa kuuza anthu kuti tentiyo ndi ya mapemphero. Koma alamu atagogoda osayankhidwa anasuzumira pa windo la kuchipinda, n'kuona munthu ali chigonere chagada, nsalu yoyera, thonje likuonekera m'khutu. Analira pomwepo, ndipo alamu akalira mtsutso umatha. Wina n'kuwonjezera kuti wamuona Tiya akuthamangira ku Namadzi kukafuna bokosi, kiyi ali naye ndi iyeyo, timudikire. Akuti polira alamu ankati, "Alamu anga ine, munthu wosayankha, woopa ndi bakha yemwe, ndizikalipira yani ine?" A Chikopa akuti anali atayamba kale kuuza anthu kuti ndinali mzati wa mpingo. Dzana lomweli mzatiwo amauseka nsapato.

Zotsatira zake:

- anthu asiya mbewu m'munda pa tsiku la chinyezi, poti pa maliro sagwira khasu. Moni sakundipatsa
- adzukulu anafika ndi makasu kudzafunsa pokumba. Akuti sangabwerere chimanjamanja. Tambala wanga wapita
- ufa ndi nkhuni zimene azimayi anabweretsa, aliyense watenga zake, nkhuni zanga zapita nawo
- kwathu kwa Likoswe uthenga unafika. Achimwene anga ali m'njira, foni yawo yazima, sitingawabweze
- ana a m'tauni aimba onse. Kani nambala yanga ali nayo
- alamu: "Mukadzafa zenizeni musadzandidikire, ine ndalira kale." Ndipo tenti ichoke lero lomwe.

Abusa abwera, andipempherera akudziluma milomo kuti asaseke. Mawa achinyamata ayambe ku Namadzi, nkhani yatha. Sindinatsutse, ndikanayambira pati.

Chikundiopsa china: munthu kuliridwa uli moyo, si malodza amenewa? Ndawafunsa Abusa, ati ayi. Ayankha msanga kwambiri.

Tiya sakuchoka pambali panga. Ndikalowa kuchimbudzi akuima panja n'kumafunsa, "Muli bwino?" Bondo ndamutsuka ndi madzi a mchere. Ali chiweramire wati, "Ababa, ku Namadzi sindipita. Pulezi timu ndasiya. Sindingakusiyeninso nokha."

Ndiye kuti ndapambana, eti?

Lamulungu

Achimwene afika m'mawa ndi nkhuku ya chipepeso, maso atatupa. Andiyang'ana, andigwira mkono, andigwiranso, akhala pansi. Akuti poti abwera kale, akhala sabata.

Kutchalitchi. Anthu akundipatsa njira mopitirira muyeso, benchi lonse ndili ndekha. Kudenga kuli phee. Tatsala ife a imvi, nyimbo tikuikoka ngati ngolo ya matayala akuphwa. A Chikopa akutsimphina, sitikuyang'anana.

Tiya wakhala mbali ya azimayi, wamanga mpango, buku la nyimbo lili pamiyendo. Sakuimba. Milomo ikuyenda koma mawu palibe, maso ali pa ine. Ndikatsokomola akudzuka theka. Ndinkafuna mwana akhale pafupi, ndi uyo ali pafupi. Nkhope imene wavalayo ndaizindikira, ndi imene ndimaiona pa galasi ndikamameta ndevu. Ndamupatsira matenda anga. Zandiwawa kuposa za dzulo.

Pa windo ndikuona njinga pansi pa bulugamu. Limbani waperekeza anzake ndi katundu ku Namadzi, wabwereranso, wangokhala pa njingapo. Sakulowa, sakuchoka.

Nthawi ya zolengeza ndatuluka, ndamukodola Tiya. Wathamanga: "Mwadwala?" Ndati sindinadwale, tenga chikwama uzipita, anzako akudikira woyambitsa nyimbo. Wakana. Ndati ine ndafa kale dzulo, ndipo waona wekha kuti ondisamala alipo, tenti inadzaza, alamu analira mpaka kusasa mawu. Waseka akulira. Wafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndanama kuti eya.

Limbani ndamuuza zanga: pang'onopang'ono, osapitirira galimoto, dzuwa lisanalowe mwana akhale ali pakhomo. Pa chilichonse akungoti, "Chabwino, madala." Anyamuka pang'onopang'ono ndithu, mpaka pa kona ya chigayo. Atangokhota ndamva injini ikukwera. Ndinaima pamenepo mpaka kulira kwake kutatha, kenako ndinalowa kukamaliza zolengeza.

Pano ndili pakhonde, mpando ndauyang'anitsa kumsewu. Achimwene akulankhula za fetereza, sindikumva. Njinga iliyonse ikalira ndikudzuka. Zadutsa zambiri, yawo sinafike, koma dzuwa likadalipo.

Sabata yamawa zikhala chimodzimodzi, ndi inayo, ndi inayo. Ndifune mpando wabwinoko woika pano, uwu ukupweteka msana.